Ndime ya M'mbali mwa Msewu

Chimanga cha bambo ake a Mzime chinkachititsa manyazi ngakhale mbuzi zodutsa. Si munda wonse ayi. Munda wonse unali wobiriwira bwinobwino, kupatula ndime imodzi ya m'mbali mwa msewu, pamalo pomwe basi iliyonse imachepetsa liwiro chifukwa cha dzenje. Pamenepo chimanga chinali chachikasu, choonda, chosafika n'komwe m'mawondo, ndipo pambali pake panaima chikwangwani cha yunivesite chokhala ndi dzina la bambowo m'zilembo zikuluzikulu.

Amene anabweretsa zonsezi anali chibwenzi cha Mzime, mnyamata wa ku yunivesite amene anthu anangomutcha Wadothi chifukwa sankayenda wopanda timatumba ta dothi m'chikwama. Kafukufuku wake anali wofuna kudziwa chomwe nthaka yotopa ya m'deralo ikusowa. Pamunda uliwonse womwe anaupempha ankadula ndime zinayi: ina yothira feteleza, ina manyowa, ina zonse ziwiri, ina yosathira kanthu kuti ikhale poyerekezera zinzakezo. Sankasankha ndi maso kuti ndime iti ilandire chiyani. Ankachita mayere ndi timapepala m'chipewa, mwini munda n'kutola yekha. Tsoka silinunkha. Kapepala kosathira kanthu kanagwera ndime ya kumsewu, ndipo dzanja lomwe linakatola linali la bambo omwewo.

Tsono awa sanali mlimi wamba. Anali munthu woti kwa zaka zambiri anzawo ankabwera kudzaonera kwa iwo kabzalidwe, iwo n'kumaloza ndi ndodo, chipewa chili chapambali. Lero makondakitala anali atapatsa malowo dzina. Basi ikamayandikira ankakuwa kuti, "Otsika Pachikasu!" anthu m'basimo n'kufa nako kuseka.

"Mnyamata ameneyo kumunda alowe, poti ndinavomera ndekha pamaso pa anthu," anatero bambowo tsiku lomwe anamva dzinalo. "Koma pakhomo pano asapondepo. Munthu wondivula pamsewu sangakhale mkamwini wanga."

Mzime anamva zonsezi ali chiimire pakhomo la khitchini. Ukakhala mwana womaliza umadziwa nthawi yomwe bambo ako akungokalipa ndi nthawi yomwe atsimikiza.

*

Awiriwo ankakumana m'kachipinda komwe Mzime ankasokeramo zovala, khoma limodzi ndi sitolo ya mbewu ndi feteleza. Tsiku lina masana Wadothi anakhala pabenchi ya makasitomala, nsapato zili matope okhaokha, akuyang'ana mapazi a Mzime akupalasa makina.

"Kadzanja kamodzi kokha," anatero Mzime osamuyang'ana. "Sindikunena thumba ayi. Kadzanja. Chingosintha mtundu, anthu asiye kuseka."

"Ndikathira kadzanja ndiye kuti ndapha zonse."

"Zonse ziti? Ndime imodzi yomweyo?"

"Ndime imeneyo ndiye mboni yanga, Mzime. Popanda iyo ndidzanena bwanji kuti manyowa athandiza? Athandiza poyerekeza ndi chiyani?"

"Ndiye mboni yakoyo iziima pamsewu ili maliseche?"

Wadothi anaseka, koma ataona kuti akuseka yekha anasiya. Anasendera pafupi n'kugwira gudumu la makina kuti liime.

"Tamvera. Chaka chatha mbozi zinandidyera minda yonse, ndinatuluka wopanda chilichonse cholemba. Apulofesa anga anachita kundipemphera kwa akuluakulu kuti andipatse chaka china, ndipo ndi chomaliza chimenechi. Ndikalephera pano ndibwerera kwathu ndi chikwama chokhachi. Ndidzakukwatira ndi chiyani? Pirira mpaka tikolole. Tikakolola ndidzaimirira pamaso pa alimi onse, ndidzanena kuti bambo ako ndi amene anatiphunzitsa."

"Kukolola!" Mzime anachotsa dzanja lakelo pagudumu. "Ukudziwa amene akukhala pampando wa alendo kwathu masiku ano?"

Wadothi ankadziwa. Kuseri kwa khomalo kunamveka phokoso la makiyi ambiri akugundana, kenako mawu a mwini sitolo akulamula kasitomala kuti asagwiregwire matumba. Munthuyu aliyense ankamutcha Makiyi, chifukwa ankamangirira m'chiuno mpukutu wa makiyi wokwanira kutsegula tauni yonse, ngakhale zitseko zake zinali zitatu zokha. Anali atamufunsira Mzime kawiri, kawiri konse n'kukanidwa, koma sanali munthu womva kukana.

"Sungamulole," anatero Wadothi motsitsa mawu.

"Ine sindingamulole. Koma amene akumuthirira tiyi ndi ine, chifukwa bambo andituma."

Aliyense ankadikira kuti mnzake anene chochita, ndipo panalibe amene anali nacho.

*

Lamulungu masana Makiyi anafika ndi botolo la mafuta ophikira, akuti la amayi. Anakhala pakhonde, miyendo atatambasula ngati khondelo anamanga ndi iye.

"Ine bambo, zimandiwawa," anatero akupukusa mutu. "Dzulo ndinali m'basi. Mayi wina akuti, kodi mwini mundawu adakali moyo? Ndinati ali moyo, mayi, ndipo ndi katswiri, kungoti anawabwerera ana asukulu. Ana amenewa amalima papepala, bambo. Iwo akatenga digiri yawo azipita, dzina loipa litsala ndi inu."

Bambo ake a Mzime ankangopotokola chipewa m'manja. Mzime anaika tiyi patebulo mwamphamvu mpaka anatayikira m'sosala, ndipo Makiyi anamwetulira ngati wayamikiridwa.

Madzulo ake, Mzime akutsuka makapu, mayi ake anamuyandikira.

"Mwana wanga, ine mnyamata uja ndilibe naye chifukwa. Ndi waulemu, amapereka moni ngati munthu woleredwa. Koma bambo ako akutha ndikuwaona. Ku kalabu ya alimi anasiya kupita. Kumsika akudutsira kuseri. Mapiritsi awo a BP aja akumwa, koma mutu sukuleka. Munthu wamkulu sadwala ndi matenda okha."

"Ndiye nditani, amayi?"

"Kaya, mwana wanga. Ndikanadziwa bwenzi nditachita ndekha."

M'mawa mwake, Mzime akutsegula kachipinda kake, anapeza Makiyi atatsamira pachitseko, m'manja muli kajumbo kakuda ka feteleza, komanga pakamwa.

"Sindikugulitsa, ndikungokupatsa," anatero. "Ine sindingaone akuluakulu akusekedwa ndili ndi mankhwala ake pashelefu. Kachitsekerero ka botolo kamodzi paphando lililonse, ukwirire. Palibe adziwe. Bambo ako aseka, mnyamata wako alowa pakhomo. Ukuona? Ine ndikudzipweteka ndekha, koma ndimakukonda choncho."

Mzime ankadziwa kuti mphatso ya munthu uyu siibwera yokha. Ankadziwanso zomwe Wadothi anamuuza pabenchi paja, mawu ndi mawu. Koma nkhope ya bambo ake akupotokola chipewa inamukanirira m'maso, ndipo kajumboko anakalandira n'kukabisa pansi pa zidutswa za nsalu.

Kanakhala pamenepo mpaka tsiku lomwe makolo ake anapita kuchipatala kukayezetsa. Mvula inali itagwa m'mawa, nthaka ili yofewa. Anatenga khasu ngati wokapalira, nawerama pakati pa mizere yachikasu ija. Paphando lililonse ankaboola ndi kamtengo, n'kuthira, n'kukwirira ndi chidendene. Basi ikadutsa ankaweramitsa mutu kwambiri. Anali m'munda wa bambo ake omubala, koma ankangocheukacheuka ngati wakuba. Atamaliza anasamba m'manja kangapo, fungo la fetelezayo osachoka.

*

Chimanga sichidziwa kusunga chinsinsi. Pasanapite nthawi masamba atsopano anatuluka obiriwira, mapesi ananenepa, ndipo ndime ya kumsewu inayamba kuthamangitsa zinzake. Makondakitala anapitiriza kukuwa Pachikasu mwachizolowezi, koma nthabwala inali itatha mchere.

Bambo ake a Mzime anatulukanso ndi ndodo yawo. Ankaima pafupi ndi chikwangwani, aliyense wodutsa n'kumuitana.

"Mwaona? Osathira kanthu apa! Nthaka yanga inangochedwa kudzuka basi. Nthaka yosamalidwa siiwala mwini wake."

Tsiku lina pachakudya cha madzulo anatsokomola pang'ono n'kunena, maso ali m'mbale, "Mnyamata uja umuuze abwere Loweruka. Tikambirane za makolo ake, tiwadziwe. Mwina ndinafulumira kukwiya."

Mayi ake anamuyang'ana Mzime ndi chimwemwe. Mzime anamwetulira mokakamiza. Chimene anachilirira miyezi yonseyi chinali chitabwera, ndipo iye ankachiopa.

Analembera Wadothi uthenga pafoni: "Bambo akuti ubwere Loweruka. Avomera."

Yankho linachedwa. Litafika linali lalifupi: "Ndamva. Ndikubwera kwa iwe kaye."

Wadothi analowa m'kachipinda muja atanyamula tsamba la chimanga, n'kuliika pamakina. Maso ake anali ofiira, ndevu zosameta.

"Taona mtundu wake. Chimanga chosadya kanthu sichiwala chonchi, Mzime. Wina anathira."

"Mwina ndi mvula," anatero Mzime, ndipo mawu akewo anawamva ngati a munthu wina.

"Mvula inagwa m'minda yonse. Ndime zosathira za kwa alimi ena zidakali zachikasu, iyi yokha ndiye yasanduka nkhalango. Ndakhala ndikudzifunsa, kodi ndinasokoneza ndine tsiku lothira? Kodi madzi anakokolola kuchokera ndime inayo? Koma malowo ndi okwera, madzi sakwera phiri." Anakhala pansi n'kugwira mutu ndi manja awiri. "Apulofesa anabwera dzana, atenga masamba kukayeza. Akufuna ndiwauze chinachitika. Iwe umakhala pomwepo. Sunaonepo munthu? Ndithandize, ndilibe wina womukhulupirira kuno."

Apa ndiye panali poti Mzime anene. Pakamwa anatsegula ndithu. Koma anaona mmene mnyamatayo ankamuyang'anira, ngati munthu womira amene wapeza nthambi, ndipo mawu anabwerera m'mimba.

"Sindinaone munthu," anatero.

Wadothi anamugwira dzanja n'kulifinya. "Usadandaule. Tipeza njira."

Wadothi atatuluka, Mzime anasuzumira pawindo. Anaona Makiyi akumuitana mnyamatayo pakhomo la sitolo, akumuika dzanja paphewa ngati m'bale wake, akumunong'oneza kanthu. Wadothi anaima nthawi yaitali osagwedezeka. Kenako anakwera njinga yake osacheukira kuwindo.

*

"Wakuuza chiyani Makiyi?"

Uthenga wa Mzime kwa Wadothi unawerengedwa, koma sunayankhidwe.

"Iwe, ndiyankhe. Ndikudwala nazo."

Chete.

Mzime anapita yekha kusitolo. Anapeza Makiyi akupanga mndandanda wa mabotolo a mankhwala a mbewu, akuimba kamluzu.

"Mwamuuza chiyani?"

"Ine? Zoona zokhazokha. Wandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu, ndati feteleza anatuluka m'sitolo muno kupita pakhomo panu. Dzina sindinatchule. Ndine munthu wosunga chinsinsi ine, mayi."

"Aganiza kuti ndi bambo!"

"Zoganiza zake ine sindingamuletse. Ndi wophunzira, aganize yekha."

Mzime anafuna kumutukwana, koma akanamutukwana chiyani munthu amene sananame? Anabwerera pamakina n'kusoka mkono wa diresi mozondoka, n'kuphwasula, n'kusokanso mozondoka. Anayesa kuimba foni, sinayankhidwe. Analemba uthenga wautali woulula zonse, nauwerenga, naufufuta, poganiza kuti nkhani yotere siyenera kunenedwa pafoni. Anati amuuza pamaso, Loweruka, asanafike pakhonde.

Lachisanu madzulo uthenga unalowa: "Ndibwera mawa monga andiitanira bambo. Sindibwera ndekha. Undikhululukiretu."

*

Loweruka bambo ake anavala jekete lawo la kumisonkhano. Mayi ake anatulutsa makapu a maluwa omwe ankakhala m'kabati chaka chonse. Mzime anakaima pageti kuti amugwire Wadothi asanalowe, koma chomwe chinaima panja sichinali njinga. Inali galimoto ya yunivesite, ndipo woyamba kutsika anali mayi wamfupi wa imvi, wovala nsapato za kumunda. Wadothi anatsika pambuyo, maso ali pansi, n'kumudutsa Mzime ngati sakumudziwa.

"Awa ndi apulofesa anga, bambo," anatero atakhala pakhonde.

Bambowo anasangalala kwambiri. Anaganiza kuti mnyamatayo wabweretsa munthu wamkulu woti amuyankhulire. "Takulandirani, mayi. Mzime, tiyi!"

Mzime anali m'khitchini pamene apulofesa anayamba kulankhula. Mawu awo anali ofatsa, koma ankamveka bwinobwino kudutsa pawindo.

"Bambo, sindibisa chomwe ndabwerera. Masamba a ndime ya kumsewu tinawayeza. Munathiridwa feteleza. Si mlandu wa kupolisi ayi, ndipo si inu oyamba. Mlimi weniweni zimamuvuta kuona mbewu ikuvutika. Kungoti mundawu tiuchotsa m'kafukufuku, chikwangwani tizula, mwanayu apitirize ndi minda yotsalayo."

Mzime ananyamula thireyi n'kutuluka.

"Mukuti ndinathira ndine?" anafunsa bambowo pang'onopang'ono.

"Sitikuweruza, bambo."

"Ndani wakuuzani kuti ndine?" Anatembenukira kwa Wadothi. "Iwe?"

Wadothi anazolika. "Ndinamva kuti feteleza anachoka kusitolo kubwera pakhomo pano, bambo. Sindikanatha kuwabisira apulofesa. Pepani."

Bambowo anaimirira, dzanja likugwira mzati wa khonde. Mitsempha ya pachipumi inali itatupa.

"Ndinasekedwa ndi dziko lonse chifukwa cha iwe. Ana ankandiloza. Usiku ndinkagona ndi mutu ukuwawa, feteleza ali m'sitolo pafupi pomwepa, koma sindinathire ngakhale kambewu kamodzi, chifukwa ndinalonjeza. Ine ndikalonjeza ndalonjeza! Lero ndakuikira mpando kuti ndikupatse mwana wanga mwaulemu, iwe wandibweretsera alendo oti anditche wachinyengo pakhonde panga?"

"Bambo ake Mzime, khalani pansi," anachonderera mayi ake. "BP yanu."

"Ndisiye!"

"Ndine."

Onse anacheuka. Mzime anali chiimire ndi thireyi, makapu akugundana okha.

"Ndine ndinathira, bambo. Tsiku lija munapita kuchipatala. Inu simunadziwe kanthu." Misozi inali itayamba kale kutsika, ndipo analibe dzanja lopukutira. Anatembenukira kwa Wadothi. "Ndinkafuna asiye kusekedwa. Ndinkafuna akulole kulowa pakhomo pano. Unandifunsa, ndinakunamiza. Ndinaopa kuti undisiya."

Bambo ake anakhala pansi. Sanakalipe, ndipo Mzime akanakonda akanakalipa. Munthu amene anaima pamsewu kuitana odutsa kuti aone nthaka yake yodzuka yokha anangoti, "Mwana wanga," n'kuvula chipewa.

Wadothi ankamuyang'ana Mzime kukamwa kuli yasa. M'maso mwake munalibe ukali. Munali kutopa kokhakokha.

Apulofesa anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya mpango, osafulumira. Atawavalanso anayang'ana mtsikanayo, kenako wophunzira wawo.

"Ndamva mawu ena pano omwe sindimayembekezera," anatero. "Ndikufotokozere bwinobwino, mwana wanga, kuti usadzati sindinakuuze. Ngati wathira ndi mlimi kapena mwana wa mlimi, imeneyo ndi ngozi ya kumunda. Timalemba, timachotsa munda umodzi, ntchito imapitirira. Koma ngati wathira ndi munthu wako, nkhani yasintha. Komiti idzati mundawu unausankha chifukwa cha chibwenzi, unabisa, ndipo idzakayikira minda yako yonse. Pamenepo ine sindingakupempherenso kwa aliyense. Chomwe undiyankhe ndi chomwe ndikanene. Ndiye ndikufunsa kamodzi kokha. Mtsikanayu ndi ndani wako?"

Mayi ake a Mzime anagwira pakamwa. Bambo ake anadzutsa mutu n'kumuyang'ana mnyamatayo, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo sankamuyang'ana ngati mdani. Ankadikira.

Mzime ankadziwa yankho lomwe likanamupulumutsa Wadothi. Anali iye yemwe anamukankhira pakona imeneyi, ndipo mbali ina ya mtima wake inkamupempha kuti anene lomwelo. Koma mbali inayo inkalira kuti asayerekeze.

Wadothi anapukuta manja pathalauza. Anayang'ana galimoto yomwe inali panja, anayang'ana nsapato zake.

"Ndi mwana wa mlimi wathu, mayi," anatero. "Basi."

Apulofesa anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu n'kuimirira. Bambo ake a Mzime nawo anadzuka pang'onopang'ono, nalandira thireyi m'manja mwa mwana wawo kuti isagwe.

"Wamva wekha, mwana wanga," anatero motsitsa. "Lowa m'nyumba."

Mzime anaima pakhomo kanthawi, akudikira kuti mwina Wadothi adzutsa maso n'kumuyang'ana ngakhale kamodzi. Sanadzutse.